Masewero a Chingerezi a ku India: mlandu uli pabalaza

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasekondale ina, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zisudzo. Ana anga amaidziwa India kudzera m'mafilimu a nyimbo ndi magule basi. Ndamva kuti kumeneko kuli olemba masewero a pasiteji m'Chingerezi amene amakamba za mavuto a anthu. Olembawo ndi ati, ndipo amakamba zotani? Komanso munthu angalembe bwanji za mavuto a amphawi m'chiyankhulo chimene amphawiwo sachimva? Kodi si masewero a anthu olemera okhaokha amenewa?

Aphunzitsi, zikomo. Ndiyambira pa funso lanu lomalizali, poti ndi pamene pagona nkhani yonse.

Simunaphonye. Kalembera wa anthu wa 2011 ku India adapeza kuti anthu pafupifupi 129 miliyoni ndi amene adati amayankhula Chingerezi, kaya monga chiyankhulo choyamba, chachiwiri kapena chachitatu. Chimamveka chiwerengero chachikulu, koma m'dziko limene nthawi imeneyo linali ndi anthu oposa 1.2 biliyoni, ameneyo ndi munthu mmodzi pa khumi alionse. Amene adati Chingerezi ndicho chiyankhulo chawo chobadwa nacho sadafike ndi 300,000 komwe. Ndiye sewero la Chingerezi likamachitika ku Prithvi Theatre mumzinda wa Mumbai, kapena m'holo ina ku Bengaluru, Delhi ndi Chennai, pamipando pamakhala madokotala, maloya, aphunzitsi a kuyunivesite, eni mabizinesi ndi ana awo. Mlimi wa ku Bihar simumuona. Mayi amene wasesa holoyo masana amakhala atapita kwawo kalekale.

Olemba abwino adazidziwa zimenezi ndipo sadazizembe. Adaona kuti anthu amene akhala patsogolo pawowo ndi aja amakonda kunena kuti kukondera mwana wamwamuna, tsankho la chipembedzo ndi nkhanza kwa amayi ndi za anthu osaphunzira a kumudzi. Choncho adaunyamula mlanduwo kuuchotsa kumudziko, n'kudzauika pabalaza la m'nyumba ya anthu ophunzira, pamene pali sofa, telefoni ndi wantchito wobweretsa tiyi. Munthu amagula tikiti kuti akaone mavuto a ena, n'kupeza kuti nyumba ili pasitejiyo ndi yake yomwe. Mphamvu ya masewerowa ili pamenepo, ndipo kufooka kwawo kuli pomwepo. Zonse ziwiri ndizikamba.

Chenjezo limodzi kaye, chifukwa ophunzira ambiri amapunthwa apa. Mayina akuluakulu a zisudzo za ku India amene mungawapeze m'mabuku a Chingerezi sadalembe m'Chingerezi. Vijay Tendulkar ankalemba m'Chimarathi, Badal Sircar m'Chibengali, Mohan Rakesh m'Chihindi, ndipo Girish Karnad masewero ake ambiri adawalemba m'Chikannada, ena n'kuwamasulira yekha. Timawawerenga atamasuliridwa. Amene ankalembadi m'Chingerezi, monga Asif Currimbhoy m'zaka za m'ma 1960, ankavutika kupeza siteji kwawo, pakuti magulu a zisudzo za Chingerezi nthawi imeneyo ankakonda kuchita masewero a ku Britain ndi ku America. Panalinso vuto la khutu: agogo a m'banja la Chigujarati akayamba kuyankhula Chingerezi cha ku London pasiteji, oonerera sakhulupirira kanthu.

Amene adaumasula mfundo umenewu ndi Mahesh Dattani. Adabadwa mu 1958 ku Bangalore, kumene tsopano amati Bengaluru, ndipo mu 1984 adayambitsa gulu lake la zisudzo lotchedwa Playpen. Atengambali ake amayankhula Chingerezi cha m'nyumba za mumzinda umenewo, chosakanikirana ndi mawu a kwawo, chokalipirana nacho kukhitchini. Mu 1998 adakhala wolemba masewero m'Chingerezi woyamba kulandira mphoto ya Sahitya Akademi, bungwe lalikulu loona za zolembalemba m'dzikolo.

Ngati mungawerenge sewero limodzi lokha, werengani *Tara*, la 1990. Muli mapasa, Tara mtsikana ndi Chandan mnyamata, amene adabadwa olumikizana ndipo adalekanitsidwa pa opaleshoni ali makanda. Tikamawaona ali ndi zaka 16, aliyense akuyenda motsimphina pa mwendo umodzi wochita kupanga. Amasekana, amatetezana kwa ana a m'dera lawo amene amawayang'ana ngati zachilendo, ndipo Tara ndi amene ali ndi lilime lakuthwa ndi nzeru zofulumira. Mayi awo, Bharati, amamukonda Tara mopitirira muyeso: kumukakamiza kudya, kunyengerera mtsikana woyandikana naye nyumba kuti akhale mnzake, mpaka kuumirira kuti impso imene Tara akufunikira ichoke m'thupi mwawo. Woonerera amayamba ndi kuganiza kuti woipa m'nyumbamu ndi bambo, a Patel, amene amafuna kupita ndi Chandan kuofesi kuti akaphunzire ntchito koma za tsogolo la Tara alibe nazo mawu, ndipo amapsa mtima atapeza mnyamatayo akuthandiza mayi ake zoluka.

Chinsinsi chimatuluka kumapeto. Mapasawo adabadwa ndi miyendo itatu. Kuyeza kudaonetsa kuti magazi opita ku mwendo wachitatuwo ankachokera m'thupi la mtsikana, ndiye kuti ukadakhala pa iye ukadapulumuka. Koma Bharati ndi bambo ake, munthu wandale wolemera, adapangana ndi dokotala, a Thakkar, kuti mwendowo aupereke kwa mnyamata. Dokotala adalandira maekala atatu a malo mumzinda kuti amangepo chipatala chake. Mwendo uja udakhala pa mnyamatayo masiku awiri okha, n'kufa, n'kudulidwa. Mtsikana adalandidwa mwendo, mnyamata sadapindule kanthu. Chikondi chonse cha mayi chija chinali kulipira ngongole imene singalipiridwe. Tara amamwalira, Chandan amathawira ku London, amadula dzina lake kukhala Dan, ndipo amakhala m'kachipinda akuyesa kulemba nkhani ya mlongo wake koma ikumukanika.

Taonani mmene Dattani adakonzera siteji. Nyumba ya a Patel ili pansi. Dokotala uja adamuika pampando pamalo okwera, ndipo amakhala pamenepo sewero lonse, osatsika, akufotokoza za opaleshoni yake modekha monga munthu wofunsidwa pa wailesi ya kanema. Maphunziro, ndalama ndi ndale zakhala pamwamba, zikuyang'ana pansi pa mwana amene zidamupundula. M'nkhaniyi mulibe sing'anga, mulibe umbuli. Mwana wanu wina wodziwa sayansi adzakuuzani kuti mapasa olumikizana amakhala onse aamuna kapena onse aakazi, ndipo adzakhala akunena zoona. Wolemba adapinda chilengedwe dala kuti thupi limodzi ligawidwe pakati pa mwamuna ndi mkazi ife tikuona.

Chaka chomwecho cha 1990, katswiri wa zachuma Amartya Sen adalemba nkhani yotchuka yonena kuti akazi oposa 100 miliyoni akusowa pachiwerengero cha anthu, makamaka ku Asia, chifukwa cha kusalidwa pa chakudya ndi chithandizo cha mankhwala. Ku India, pa ana osapitirira zaka 6, atsikana anali 945 pa anyamata 1,000 alionse mu 1991. Mu 2001 adatsika kufika 927, ndipo mu 2011 anali 919. Boma lidakhazikitsa lamulo mu 1994 loletsa kugwiritsa ntchito makina ounikira mimba pofuna kudziwa ngati mwana ndi wamkazi kuti achotsedwe. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mu 2001 ziwerengero zoipitsitsa zidachokera ku Punjab, 798, ndi ku Haryana, 819, madera amene ali m'gulu la olemera. Makina ounikira amafuna ndalama. Dattani adaloza nyumba yoyenera.

Gwero lina la vutoli ndi chuma cha ukwati, ndipo apa muwafotokozere bwino ana chifukwa n'chosemphana ndi malowolo amene amawadziwa. Ku India ndi banja la mkazi limene limapereka ndalama, golide, katundu, ngakhale galimoto, ku banja la mwamuna. M'Chihindi amati dahej. Lamulo lidaletsa mchitidwewu mu 1961 koma sudathe, ndipo akazi ambiri aphedwa ndi akuchimuna chifukwa chumacho chidachepa, imfayo n'kunamiziridwa ngozi ya chitofu cha parafini kukhitchini. Mpaka zaka zaposachedwapa apolisi akhala akulemba imfa zotere zoposa 6,000 pachaka. Dina Mehta adalemba za zimenezi mu *Brides Are Not for Burning*, sewero limene lidapambana mpikisano wa BBC mu 1979. Poile Sengupta naye, mu *Mangalam* la 1993, adaonetsa nkhanza za m'banja zikuchitika chimodzimodzi m'nyumba yosunga miyambo ndi m'nyumba yamakono.

Tsopano za chipembedzo. Pa 6 Disembala 1992 gulu la Ahindu lidagumula mzikiti wa Babri ku Ayodhya, ndipo zipolowe zimene zidatsatira zidapha anthu pafupifupi 900 mu Bombay mokha, mzinda umene tsopano amati Mumbai. *Final Solutions* la Dattani lidaonetsedwa koyamba mu 1993, ngakhale adayamba kulilemba mzikitiwo usadagwe. Usiku wa zipolowe, anyamata awiri Achisilamu, Javed ndi Bobby, akuthamangitsidwa ndi gulu la anthu, ndipo Ramnik Gandhi, Mhindu wamalonda amene amadziona kuti alibe tsankho, amawatsekulira chitseko. Kunja gulu likufuula kuti awatulutse. M'katimo muli mkazi wake Aruna, wopembedza kwambiri, mwana wawo Smita, ndi agogo Hardika, amene akusungabe chilonda cha 1947 pamene dziko lidagawidwa kukhala India ndi Pakistan.

Pali kachigawo kakang'ono kamene ndimakakonda kuposa mawu onse a m'seweroli. Ramnik amauza mkazi wake kuti awapatse madzi alendowo. Aruna amabweretsa. Iwo atamwa, iye amanyamula matambulawo ndi zala ziwiri zokha, kugwira mbali imene milomo yawo sidakhudze, n'kukawaika padera, kutali ndi matambula ena a m'nyumbamo. Sanatukwane munthu. Sanaponye mwala. Wawapatsa madzi monga mwaulemu. Koma anyamatawo aona, mwana wake waona, ifenso taona. Kenaka timamva mmene Javed adasinthira: ali mwana, wapositi adamutuma kuti apereke kalata kwa Mhindu woyandikana nawo, ndipo bamboyo adamuuza kuti aisiye pampanda, n'kubwera ndi kansalu kudzapukuta kalatayo ndi malo amene mwanayo adagwira. Mnyamata amene adakula n'kukhala woponya miyala m'zipolowe adayambira pa kansalu kameneko.

Ramnik, wodziyesa woyerayo, ndi amene wasenza katundu wolemera kuposa onse. Amaumirira kupatsa Javed ntchito m'sitolo yake, ndipo pomaliza timadziwa chifukwa chake. Sitoloyo inali ya banja la Chisilamu, la Zarine, mnzake wa Hardika wa pautsikana. Bambo ake a Ramnik ndi agogo ake aamuna adaitentha, n'kuigula pa theka la mtengo. Agogo Hardika adakhala zaka makumi anayi akudana ndi Asilamu poganiza kuti mnzawo uja adawanyoza popanda chifukwa, osadziwa kuti amuna a m'nyumba mwawo ndi amene adayamba. Mlandu suwola, ndipo apa udanunkhira m'badwo wachitatu. Gulu la kunja lija Dattani adalipanga ndi anthu asanu okha onyamula zigoba za kumaso khumi, zisanu za Ahindu, zisanu za Asilamu. Anthu omwewo amasintha chigoba n'kukhala mbali inayo. Zaka zisanu ndi zinayi seweroli litaonetsedwa, mu 2002, zipolowe za ku Gujarat zidapha anthu oposa 1,000 malinga ndi chiwerengero cha boma lomwe.

Sewero limene limawazenga mlandu oonerera mosabisa konse ndi *Lights Out* la Manjula Padmanabhan, limene lidachitika koyamba mu 1986. Lidachokera pa nkhani yoona ya ku Santa Cruz, dera la mu Bombay, mu 1982. Banja lina lili m'nyumba yosanja, ndipo usiku uliwonse likumva kukuwa kwa mkazi amene gulu la amuna likumugwiririra m'chinyumba chosamalizidwa chapafupi. Leela, mayi wa m'nyumbamo, akudandaula kuti phokosolo likumusowetsa mtendere ndipo akupempha mwamuna wake Bhasker aimbire apolisi, osati kuti mkaziyo apulumuke, koma kuti zichoke pafupi ndi zenera lake. Bhasker waitana mnzake Mohan kudzaonerera. Amunawo amakhala pansi kukambirana ngati anthu ophunzira: mwina ndi mwambo wa chipembedzo, ndiye sitiyenera kulowerera, mwina akutulutsa ziwanda, mwina ndi hule, ndiye palibe mlandu. Wina amabwera ndi ukali wofuna mipeni, koma ukali wakewo ndi wa ulemu wake wonyozeka, osati wa mkazi uja. Pamene akumaliza kukangana, kunja kwati zii, achiwembu apita. Ife oonerera sitiona chilichonse cha kunjako. Timangomva kukuwa, titakhala pamipando yathu, osadzuka, monga iwo.

Ndikamaliphunzitsa seweroli ndimaona ophunzira akuyamba ndi kuseka zifukwa za amunawo. Kusekako kumazirala pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto m'kalasi mumakhala chete wolemera. Zaka 26 pambuyo pake, mu Disembala 2012, mtsikana wophunzira adagwiriridwa ndi gulu la amuna m'basi ku Delhi n'kutayidwa m'mbali mwa msewu, ndipo mnzake amene anali naye adanena poyera kuti anthu ankadutsa n'kumangoyang'ana. Padmanabhan adali atawajambula kale anthu amenewo.

Wolemba yemweyu ndi amene adalemba *Harvest*, limene lidalandira mphoto ya Onassis ku Greece mu 1997. Om, mnyamata amene ntchito yamuthera ku Bombay, amasaina pangano ndi kampani yogulitsa ziwalo za anthu amoyo kwa olemera a kunja. Kampaniyo imabweretsa chakudya, chimbudzi cha m'nyumba ndi wailesi ya kanema m'kachipinda ka banjalo, komanso makina olendewera kudenga amene mwini ziwalo wa ku America amawayang'anira nawo kuti katundu wake asadwale. Dziko linali litangotsekula chuma chake ku malonda a kunja mu 1991, ndipo malonda a impso adali atafika poti boma likhazikitse lamulo lowaletsa mu 1994. Ili ndi limodzi mwa masewero ochepa a Chingerezi amene amalowadi m'nyumba ya amphawi.

Dattani adagwiranso nkhani zimene anthu sankazitchula n'komwe pagulu. *Dance Like a Man* la 1989 likukamba za mwamuna wofuna kuvina gule wa Bharatanatyam, ndi bambo ake, omenyera ufulu wa dziko, amene ufulu wa mwana wawo womwe adaukana poti kuvina si kwa amuna. *On a Muggy Night in Mumbai* la 1998 lidaika pasiteji amuna okondana ndi amuna anzawo, pa nthawi imene gawo 377 la malamulo amene Angerezi adasiya linkawaona ngati apandu. Khoti lalikulu la dzikolo lidachotsa mlandu umenewu pakati pa akuluakulu ogwirizana mu 2018. *Seven Steps Around the Fire*, limene lidamveka pa wailesi ya BBC mu 1999, ndi la ahijra, anthu amene ambiri mwa iwo adabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala ngati akazi, m'magulu awoawo. Amaitanidwa kudzadalitsa ukwati ndi mwana wobadwa kumene, koma iwo saloledwa ukwati. Mmodzi wa iwo, Kamla, amakwatirana mobisa ndi mwana wa nduna ya boma, ndipo nduna imamuphetsa. M'seweroli apolisi akamanena za mhijra amagwiritsa ntchito mawu otchulira chinthu, osati munthu. Ana anu adzazimva msanga, chifukwa m'Chichewa timadziwa kusiyana kwa "wabwera" ndi "chabwera". Khoti lalikulu lidawazindikira mwalamulo anthu amenewa mu 2014.

Limene limandipweteka kwambiri ndi *Thirty Days in September* la 2001. Bungwe la RAHI la ku Delhi, lothandiza amayi amene adagwiriridwa ndi achibale ali ana, ndi limene lidamupempha Dattani kuti alembe, ndipo iye adayamba wakhala pansi kumvetsera amayi oterowo. Mala ndi mtsikana wapantchito yabwino amene chibwenzi chake chilichonse sichipitirira masiku 30. Amalume ake adayamba kumugwiririra ali ndi zaka 7. Koma mkwiyo wake waukulu uli pa mayi ake, Shanta, amene nthawi zonse mwana akafuna kuyankhula ankamutseka pakamwa ndi chakudya chimene amachikonda, iwo n'kutembenukira ku chithunzi cha Krishna, mulungu wa Ahindu, kukapemphera. Amalumewo ndi amenenso ankathandiza banjalo ndi ndalama. Kumapeto Shanta amaulula kuti mchimwene wake yemweyo adamuchita zomwezo iyenso ali kamwana. Ife amene tidakulira kumene malume ndi mwini mbumba, munthu amene mlandu wa mwana umakathera kwa iye, tikudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi popanda wotimasulira. India idadzakhazikitsa lamulo lapadera loteteza ana ku nkhanza zogonana mu 2012.

Tsopano kufooka kuja. Bwererani ku *Lights Out*. M'nyumba muja muli wantchito, dzina lake Frieda. Amakonza tebulo, amabweretsa zakumwa, amatenga mipeni akatumidwa, ndipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza satulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Padmanabhan adachita dala, ndipo n'zamphamvu. Komabe Frieda ndi chithunzi cha zisudzo zonsezi: mmphawi alipo, tikumuona, koma nkhani si yake. Ndipo bala lalikulu kwambiri la India, tsankho la magulu obadwa nawo limene amati caste, limapezeka mwa apo ndi apo m'masewero a Chingerezi. Malamulo a dziko a 1950, amene B. R. Ambedkar adatsogolera kulemba, adathetsa mchitidwe woona anthu ena ngati osayenera kukhudzidwa, koma anthu amenewo, otchedwa a Dalit, amene ndi pafupifupi munthu mmodzi pa asanu ndi mmodzi alionse, akuphedwabe chifukwa cha chitsime, malo kapena ukwati. Mukafuna sewero lolimbana ndi zimenezi maso ndi maso mudzapita ku Chimarathi, kwa olemba a Dalit eniake, kapena ku *Kanyadaan* la Tendulkar la 1983, limene nalonso a Dalit ambiri adalidzudzula chifukwa cha mmene lidajambulira mwamuna wa gulu lawo. Ngongole za alimi, migodi yolanda malo a anthu a m'nkhalango, ntchito za m'mafakitale: izi zidapeza mawu m'masewero a mumsewu, m'ziyankhulo za anthu. Safdar Hashmi wa gulu la Jana Natya Manch adamenyedwa pa 1 Januwale 1989 gulu lake likuchita sewero la Chihindi la ogwira ntchito ku Sahibabad, kufupi ndi Delhi, ndipo adamwalira tsiku lotsatira. Zisudzo zimene zimafika kwa anthu ambiri n'zimene zimaopsa eni mphamvu kufika pamenepo.

Mkangano umenewu si wachilendo kwa ife. Masiku amene Du Chisiza Jr ankadzaza maholo ndi Wakhumbata m'Chingerezi, a Kwathu ankadzaza awo m'Chichewa, ndipo anthu ankafunsa funso lanu lomweli. Ku India Karnad adalipanga funsoli kukhala sewero, *Broken Images*: mayi wolemba m'Chikannada amatchuka dziko lonse ndi buku la Chingerezi, ndipo chithunzi chake chomwe cha pa wailesi ya kanema chimayamba kumufunsa mafunso mpaka chinyengo chake chitaululika.

Palinso china chimene chimandidetsa nkhawa pa olemba atsopano. Masewero angapo abwino kwambiri a olemba amenewa adapeza siteji ku London. *The Djinns of Eidgah* la Abhishek Majumdar, lokamba za ana okulira pakati pa asilikali ku Kashmir, lidachitika ku Royal Court, nyumba ya zisudzo ya mumzindawo, mu 2013. *Free Outgoing* la Anupama Chandrasekhar lidayambira pa Royal Court pomwepo mu 2007. Ndalama ndi siteji zikakhala kunja, wolemba amayesedwa kuti afotokozere alendo dziko lake m'malo mokangana ndi abale ake. Awiriwa, m'kuona kwanga, sadagwe m'mbuna imeneyi, koma mbunayo ilipo, ndipo muziyang'ana mukamawerenga: kodi seweroli likuyankhula ndi ndani?

*Free Outgoing* ndi limene ndingakonde kuti ana a kalabu yanu aliwerenge, ngakhale osalichita. Lili ku Chennai. Deepa, mtsikana wa zaka 15 wokhoza bwino m'kalasi, wajambulidwa pafoni ndi chibwenzi chake akugonana, ndipo kanemayo wafalikira dziko lonse. Sukulu imamuchotsa, atolankhani ndi anthu amadzaza pageti, oyandikana nawo akufuna banjalo lisamuke, ndipo mayi ake, Malini, amene ndi wamasiye, atsala okha. Deepa mwiniwakeyo sationekera ngakhale kamodzi. Ali m'chipinda, chitseko chotseka. Dziko lonse laona thupi lake, koma ife sitiloledwa kuona ngakhale nkhope yake, ndipo mtolo wonse wagwera iye ndi mayi ake, osati mnyamata wojambulayo. Mukadzawafunsa ana anu chifukwa chimene wolemba adamubisira, mudzamva mayankho amene sadzachokera ku India.

Pa zoti muchite pasiteji, ena mwa masewero a Dattani, kuphatikizapo *Tara* ndi *Final Solutions*, adasonkhanitsidwa m'buku limodzi ndi a Penguin mu 2000, ndipo mukafuna kuonetsa pagulu lolipira muyenera kupempha chilolezo kwa eni ake. *Thirty Days in September* ndi *Lights Out* ndi olemera kwa ana a sekondale. Musawayambe popanda kukambirana ndi akuluakulu a sukulu ndi makolo, komanso popanda munthu woti mwana amene zamukhudza akayankhule naye, chifukwa m'kalabu ya ana makumi awiri sangalephere kupezekamo. *Tara* ndi *Final Solutions* angatheke. Musawasamutsire kwanu kuno posintha mayina ndi malo; asiyeni akhale a ku India, ana aphunzire kuti Patel ndi ndani, Krishna ndi ndani, 1947 kudachitika chiyani. Zofanana adzazitola okha.

Mukasankha *Final Solutions*, simufunika zambiri: zigoba khumi za makatoni zomangirira pa timitengo, tebulo, ndi matambula. Mtsikana amene adzakhale Aruna adzafuna kukwinya nkhope kuti aoneke woipa. Mukanizeni. Muuzeni kuti Aruna ndi mayi wabwino, woopa Mulungu wake, amene akuchita zimene amayi ake adamuphunzitsa ndipo sakuona cholakwa chilichonse. Abweretse madziwo mwaulemu, adikire alendo amwe, anyamule matambulawo ndi zala ziwiri mosamala, ayende osafulumira kukawaika pakona paokha. Anyamata awiri aja asanene kanthu, angomutsatira ndi maso mpaka atawaika pansi.